Bere la Azakhali Tinenenji

1

Maliro a bambo anga anandipeza ku Nakonde, ndili pamzere wa pachipata ndi mabelo a nsapato za ana. Uthenga unayenda ndi dalaivala wa basi. Unachedwa. Pamene ndinkatsika ku Lusaka, anali ataika kale ku manda a ku Chunga.

Ndine Edna. Ndinabadwira ku Matero, koma mpando sunandizolowere. Harare, Joni, Kasumbalesa, Nakonde. Kumene katundu watsika mtengo, ine ndiliko. Boma litatsegula zipata za malonda, ambirife tinasanduka ana a m'basi. Pakhomo pokha ndinali napo pamodzi padziko lonse: nyumba ya bambo, imene anagula pamene khonsolo inkagulitsa nyumba zake kwa okhalamo. Mayi anali atatisiya kalekale. Mwana ndinali ndekha.

Ndinapeza mipando ili panja, akuluakulu atakhala kale. Ankagawa zovala za malemu. Pakati pawo panali mlongo wake wa bambo, azakhali anga ba Tinenenji, duku lakuda kumutu, makiyi a nyumba atawamangirira pa mfundo ya chitenje. Anandiyang'ana kuyambira ku nsapato. Anati ndazolowera kuchedwa, ndipo malemu anatseka maso akufunsa ngati basi ya ku Nakonde yafika.

 Ndinakhala pamphasa.

Nkhani ya nyumba itafika, azakhali anaimirira. Sanathamange nawo mawu.

"Ise ndise Achewa," anatero. "Mwana ni wa amai ake. Chuma cha mwamuna chibwerera ku bere yamene anayamwa. Ine na malemu tinayamwa bere imodzi. Nyumba azasunga Wilbroad, mwana wanga, mphwake wa malemu. Uyu apite kwa amai ake."

Akuluakulu anagwedeza mitu. Ambiri anali a mpingo wathu, ana a anthu amene anachokera ku Nyasalande kudzafuna ntchito. Kumudzi sanapondeko, koma mwambo ankaugwira molimba kuposa a kumudziko. Anasankha azakhali kuti akhale woyang'anira chuma cha malemu. Ine anandipatsa jekete la bambo ndi wailesi yosalankhula.

Kwawo kwa malemu amayi anga ndinapitadi. Ndi a mtundu wa Anamwanga, a ku Nakonde komweko. Malume anandilandira bwino, anandiphera nkhuku, kenaka anandiuza kuti kwawoko mwana ndi wa bambo. Malowolo anaperekedwa, nkhani inatha. Ndibwerere kwa Achewa anga.

Mitundu iwiri inandikankhirana ngati mbale yakuda pambuyo pa phwando.

2

Ndinachita lendi kachipinda ku Kanyama. Mvula ikagwa, madzi ankalowa osagogoda. Katundu wanga ankagona pa njerwa, ine pamwamba pa katunduyo.

Kukhoti ndinayesako. Lamulo linali kumbali yanga, aliyense ankatero. Koma akuluakulu aja anakaima kumbuyo kwa azakhali. Anati nyumba sinalandidwe, ikungosungidwa m'manja mwa mbumba, popeza mwana wa malemu sakhazikika. Mlandu unkasunthidwa. Tsiku lina loitanidwa linandipeza basi itafera ku Mpika. Nkhani inazizira.

Ku Matero ndinkadutsako ngati wakuba, pa minibasi, nkhope pawindo. Wilbroad anagumula mpanda namanga kashopu kometera tsitsi. Chipinda cha bambo anaikamo nkhuku zoyera zogulitsa. Tsiku lina anandiona pa siteshoni. Anandifunsa moseka ngati ndikufuna nkhuku ya ngongole, poti ndine wachibale.

Musandiyese munthu wa mtima woyera. Sindinkapempherera chilungamo. Ndinkafuna kuona azakhali atakhala pansi pa fumbi, anthu akuwayang'ana monga anandiyang'anira ine. Nyumba ndinkaifuna, inde. Koma ndinkafuna kuti ituluke m'manja mwawo anthu akuona.

Chida ndinalibe. Ndinali ndi funso limodzi lokha limene linkandiyabwa kuyambira ubwana. Agogo aamuna, a Chabwera, anali telala pa makhonde a Amwenye ku Kamwala. Anachokera ku Dedza. Mpaka kumwalira kwawo sanabwerereko, sanatchule dzina la mudzi, ndipo mlendo wochokera ku Malawi akafika mumsewu mwathu iwo ankadwala mutu n'kutseka chitseko. Munthu sathawa kwawo chonchi chifukwa cha njala. Pamenepo panali zonyansa. Ndinkazifuna, kuti ndizipake pa banja limene linanditaya.

3

M'tauni munali mutayamba kumera tinyumba ta intaneti. Ine ndinkalowa ka ba Chilekwa, pamwamba pa sitolo ya nsalu, kukafunsa mitengo kwa munthu wanga wa ku Joni. Ba Chilekwa anali mayi wa magalasi, mlembi wakale wa kampani ya boma imene inagulitsidwa. Ndalama yawo yopumira ntchito anaguliramo makompyuta akale, ndipo ankawadziwa ngati ana awo.

Masana ena ndinaona bambo wina woyererako akulira pa kompyuta yapakona. Ba Chilekwa anandinong'oneza kuti wapeza agogo ake. Anandionetsa. Anali masamba a anthu ofunafuna makolo awo. Munthu amalemba uthenga n'kuupachika poyera, ngati pa bolodi la kutchalitchi: ndikufuna uje, anachoka kwakuti, chaka chakuti. Uthengawo umakhala pomwepo zaka, mpaka wina wodziwa adutse n'kuyankha pansi pake. Panali bolodi la dzina lililonse la banja, ndi la dziko lililonse.

Ndinati nanenso ndikufuna agogo anga.

"Bonse bamene babwera pano bafuna agogo wachizungu, kuti bapeze viza," anatero ba Chilekwa, akundiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Iwe ufuna telala wa ku Dedza. Uzayenda naye kuti, mwana wanga?"

Ndinati ndikungofuna kudziwa. Anaseka. Anati nkhope yanga si ya munthu wongofuna kudziwa, koma mpando ndi wolipira, ndikhale.

Ndinayamba molakwa. Masambawo anawakonza azungu, amene amatsata dzina la bambo. Ine ndinapita pa bolodi la a Phiri n'kulemba kuti ndikufuna abale a Chabwera Phiri. Mayankho anagwa ngati ngumbi. Wa ku Bulawayo anati ndi malume ake. Wa ku Kitwe anati ndi mbusa amene anathawa ndi kwaya. Wina wa ku Amereka anafunsa ngati a Phiri onse ndi a banja lachifumu. A Phiri ndi mchenga. Sungafunefune mchenga umodzi pa dambo.

Milungu inapita. Ndinkabwera kuchokera pa ulendo, fumbi lili m'tsitsi, n'kulunjika pa kompyuta ndisanasambe. Intaneti inkayenda ngati ngolo ya abulu. Tsamba linkatseguka chidutswachidutswa, kuyambira pamwamba, magetsi n'kuthima lisanafike pakati.

Ba Chilekwa ndi amene anandikonza. Anati vuto langa ndi la amalonda onse, kukuwa osamvera. Ndisiye kulemba. Ndisiye dzina la bambo, poti anthu a kwathu akasowa munthu amatchula mudzi ndi ntchito yake. Ndipite pa bolodi la Malawi, ndibwerere m'mbuyo, ndiwerenge zakale zimene palibe anayankha.

Ndinawerenga. Ambiri anali azungu ofuna manda a amishoni ndi a minda ya tiyi. Akuda tinali owerengeka. Ndinatsika chaka chimodzi, ndinalowa china. Ndiye ndinauona. Unali uthenga waufupi, wa Chingerezi cha aphunzitsi, wopanda yankho ngakhale limodzi pansi pake. Wolemba anali Dyton, mphunzitsi wa ku Lilongwe. Ankafuna aliyense wodziwa za Chabwera, telala, amene anachoka kufupi ndi mtsinje wa Linthipe ku Dedza m'masiku a chitaganya, ndipo anamveka kuti ali ku Lusaka. Mzere womaliza ndinauwerenga mobwereza.

"Iyeyo sitikumufuna. Tikufuna chimene anatenga."

Ndinayankha nthawi yomweyo. Ndinati ndine mdzukulu wake. Anatenga chiyani?

Yankho linabwera Lolemba lotsatira. A Dyton anati nkhaniyo si yopachika poyera pamene dziko lonse likuwerenga. Anandifunsa funso limodzi la anthu a m'banja mwathu. Nditayankha, analemba mawu ochepa: ndibwere msanga, amayi awo akalamba.

4

Chipata, Mchinji, Lilongwe. Malire kwa ine ndi pakhomo. A Dyton anandichingamira pa depoti, bambo wa imvi zoyamba, wofatsa, wa jekete lothina m'mapewa. Anandipatsa moni wa manja awiri. Ndinawayang'ana kawiri. Mphumi imeneyo ndinkaidziwa, koma sindinakumbuke kumene ndinaiona.

Ku Dedza kunkazizira ngati m'firiji ya butchala. Amayi awo, a Nangondo, tinawapeza m'mbali mwa msewu akukangana ndi wa lole pa mtengo wa mbatata ya kachewere. Anali aang'ono thupi, ouma, a mawu akuthwa. Wa loleyo anagonja. Atamva kuti ndine ndani, sanandipatse moni. Anandigwira manja onse awiri, nawatembenuza, nasisita m'mbali mwa tizala tomaliza. Kenaka anawasiya.

"Uyu alibe," anauza mwana wawo. "Tiyeni."

Tinayenda kudutsa m'madimba mpaka m'mphepete mwa msitu wa manda. Sitinalowe. Analoza ndi ndodo kamulu kena kapafupi, kodzala udzu pakati pa manda osesedwa bwino.

"Umo muli nthochi," anatero.

A Dyton ndi amene anandimasulira. Kwawoko munthu akafa thupi lake osapezeka, amadula thunthu la nthochi, amalikulunga mu nsalu, amaliika m'manda ngati munthu. Maliro amalira onse. Mzimu umapeza pogona.

Chabwera anali mwamuna woyamba wa a Nangondo. Anali mkamwini, wokhala kwa mkazi, wopanda mawu pa munda ngakhale pa mwana. Anakangana ndi malume a mkazi wake pa nkhani ya makina osokera. Anamupirikitsa. Anamuuza kuti tambala wobwereka akabwezedwa satenga anapiye. Anachoka ndi makina ake pa njinga, anthu akuseka. Patapita masiku, mvula ili pakati, a Nangondo ankachapa ku Linthipe, kamwana kawo kakakazi kakusewera pa mchenga. Anapita kukayanika nsalu pa thanthwe. Pobwerera anapeza kansalu ka mwanayo kali m'mphepete mwa madzi odzaza. Mwana palibe. Amuna a m'mudzi anatsata mtsinje mpaka kutopa. Anaika nthochi.

Zaka zambiri pambuyo pake, mchona wina anabwerera kuchokera ku Lusaka kudzafera kwawo. Anati Chabwera anamuona pa khonde la Mmwenye, pambali pake pali mtsikana womuthandiza kusoka mabatani. Mtsikanayo anali ndi timatuza m'mbali mwa manja onse awiri.

"Anabadwa ndi zala zisanu ndi chimodzi uku ndi uku," anatero a Nangondo. "Tizala towonjezerato ndinatimanga ndekha ndi ulusi wa bambo wake yemweyo, mpaka tinagwa. Chiyambire tsiku limene mchona uja analankhula, manda awo sindinasesenso. Ndisese nthochi ine?"

Funso limene a Dyton anandifunsa pa intaneti linali ili: kodi mwa ana a Chabwera alipo wina dzina lake Tinenenji?

Ndinakhala pansi pa udzu wonyowa. Manja a azakhali ndinkawadziwa. Anandimenyapo, anandilukapo tsitsi, anamangirira makiyi a bambo pa chitenje. Timatuza timeneto ndinkatiyesa njerewere. Ndipo mphumi ya a Dyton inali ya Wilbroad.

A Nangondo anaona misozi m'maso mwanga. Anandisisita paphewa, nati ndili ndi mtima wabwino. Sanadziwe. Ine ndinkawerengera zina. Azakhali sanabadwe mwa agogo aakazi. Bambo anga anabadwa mwa agogowo, mkazi wachiwiri wa Chabwera, wa ku Katete. Bere limodzi lija kunalibe.

5

A Dyton ankafuna kuti zichitike mwaulemu. Ndikawauze azakhali pang'onopang'ono, m'nyumba, pali mbusa. Akavomera, ndiye iwo abwere ndi amayi awo. Anati munthu wamkulu sangauzidwe pamsewu kuti anabedwa.

Ndinavomera zonse. Ndinabwerera ku Lusaka. Kwa azakhali sindinapiteko.

Ndinkadziwa chimene chinkabwera. Mvula itatha, banja linakonza zovundukula mwala pa manda a bambo. Azakhali anaitana mpingo wonse, amayi a chigwirizano, akuluakulu aja onse. Ine anandiitana kudzera mwa wogulitsa tomato wa pa siteshoni. Linali tsiku lawo lodzionetsa kuti mwini mbumba ndi iwo.

Ndinakwera kwa ba Chilekwa n'kulembera a Dyton. Ndinati azakhali ndawauza, alira, akudikira. Abwere Loweruka lakuti, banja lonse lidzakhala pamodzi kuwalandira. Ba Chilekwa anawerenga ali kumbuyo kwanga, monga mwa chizolowezi chawo. Anafunsa ngati mayiyo akudziwadi. Ndinati adziwa. Anavula magalasi, nati kompyuta zawo zaonapo anthu ofuna abale kuti awakumbatire, koma wofuna m'bale kuti amenyere m'bale wina ndine woyamba. Sanandiletse. Anangozimitsa kompyutayo nthawi yanga isanathe.

A Nangondo anafika ndi a Dyton, atanyamula nsalu yatsopano ya mwana wawo ndi nkhuku yamoyo, imene anaikanganira ndi a pa malire mpaka anawasiya adutse nayo. Anagona m'kachipinda kanga ku Kanyama. M'mawa anasamba kawiri.

6

Ku Chunga kunali dzuwa ndi mphepo. Utsi wa kudzala la zinyalala unkabwera cha uko, mapepala apulasitiki akukodwa pa mitanda. Anthu anali ambiri. Amayi a chigwirizano, pamodzi ndi azakhali, anavala yunifolomu yoyera. Mwala unali wophimbidwa ndi nsalu.

Alendo anga ndinawaimika kumbuyo. A Dyton anayamba kuona kuti china chake sichili bwino. Anafunsa chifukwa chimene mlongo wawo sanabwere kudzawalonjera. Ndinati mwambo wa kuno ndi wotero.

Mbusa anapemphera. Nsalu inachotsedwa. Azakhali anaima kumutu kwa manda n'kuyamba kulankhula za mlongo wawo, mmene anakulira pa mphasa imodzi, mmene anawasiyira udindo wa mbumba. Atamaliza, mbusa anafunsa ngati mwana wa malemu ali ndi mawu. Wilbroad anati nthawi yatha, chakudya chikuzizira. Ndinali nditaima kale.

"Ba anti," ndinatero, "pa maliro munakamba mawu. Nifuna muwakambenso pano, atate akumva. Imwe na atate munayamwa bere iti?"

Anthu anang'ung'udza. Azakhali anamwetulira, kumwetulira kwa munthu woleza mtima ndi wamisala.

"Bere ya amai anga, imodzi. Unamwa chani m'mawa muno, Edna?"

Ndinali nditakonza mawu ambiri. Ndinawayeseza m'basi, pa malire, pa mabelo. Sindinawanene. A Nangondo anali atadutsa kale pakati pa anthu, ndodo ili m'khwapa, akuponda pa manda a eni ake osayang'ana. Anafika pa azakhali. Anali ofika m'mapewa chabe. Anawagwira manja, nawatembenuza.

Azakhali anafuna kukoka. Nkhalambayo inagwiritsa.

"Ulusi wake unali wakuda," anatero a Nangondo. "Uku kunagwa msanga. Uku kunavuta, unalira sabata yonse. Tinenenji, ndine mayi wako."

Azakhali anayang'ana ine, kenaka mbusa. Anati mayi uyu ndi ndani, achotsedwe, Edna wagula wamisala. A Dyton anafika kutsogolo akupepesa kwa aliyense, chipewa chili m'manja. Anafotokoza mwachidule za Linthipe, za kansalu, za nthochi. Anthu sankamva mawu awo. Ankayang'ana nkhope yawo, kenaka ya Wilbroad, kenaka yawo.

Wilbroad anati ndi bodza, aitana apolisi. Pamenepo ba Virginia, nkhalamba ya mumsewu mwathu, mnzawo wa malemu agogo aakazi, analankhula ali pa mpando umene anawanyamulira. Sanakweze mawu. Anati palibe chifukwa cha apolisi. Chabwera anafika ku Matero ndi mwana woyenda kale, mkazi asanakwatire. Malemu agogo aakazi anamulera ngati wake, ndipo anawalumbiritsa azimayi onse a mumsewumo. Anati onse olumbira anapita, watsala yekha, ndipo watopa.



 Azakhali anakhala pansi, pa fumbi, yunifolomu yoyera ija. Anthu onse ankawayang'ana. Ndi chithunzi chimene ndinagona nacho zaka zonsezo. Ndinachiyang'anitsitsa kuti ndisaiwale kanthu.

Ndinatembenukira kwa akuluakulu. Ndinati mwamva. Mwambo ndi wanu, si wanga. Munati chuma chitsata bere. Bere la atate ndi la ku Katete, ndipo mwa ilo munatuluka atate okha. Awa ndi a mbumba ina. Nyumba mwaisungitsa kwa alendo.

Wamkulu wawo anakanda m'mutu. Anati nkhaniyo ndi yoona, koma mwana iwe, ukanasankha malo ena. Ndinati malo anasankha ndi iwo, tsiku limene anandipatsa wailesi.

A Dyton anandiyang'ana kamodzi kokha. "Munati mwawauza," anatero. Sanandilankhulenso mpaka lero.

Ndinadikira kuti azakhali andituke. Ndinkafuna. Koma iwo sankandimva n'komwe. A Nangondo anali atakhala nawo pa fumbipo, akuwapukuta nkhope ndi nsalu yatsopano ija. Azakhali, mayi wa zidzukulu, ankayang'ana manja awo ngati awaona koyamba.

"Munanifuna?" anafunsa, ndi mawu amene sindinawamvepo.

"Ndinalibe poyambira, mwanawe. Lusaka ndinkangoimva."

7

Nyumba inabwera mosavuta, mpaka ndinakhumudwa. Akuluakulu anapita okha kukhoti kukasintha mawu awo. Wilbroad analimbalimba, kenaka anasamutsa nkhuku zake. Makiyi anabwera ndi ba Virginia. Azakhali sanatsutse kanthu. Anali atakwera kale basi ya ku Chipata ndi amayi awo.

Ndinakolopa chipinda cha bambo ndi mankhwala mpaka fungo linatha. Ndinagonamo. Ndinadikira kumva kuti azakhali akuvutika ku mudzi wa eni, kopanda magetsi, Chichewa chawo cha m'tauni chikusekedwa.

Anabwera chaka chotsatira, nthawi yokolola. Ndinamva kugogoda masana. Ndinatsegula. Anali atanenepa. Kumbuyo kwawo wa wilibala ankatsitsa thumba.

Anakhala pa khonde osadikira kuuzidwa. Anandiuza zonse ngati ndawafunsa. Mudzi wonse unawalandira ndi nthungululu. Nthochi ija anaifukula, dzenje anakwirira. Poti ndi mwana wamkazi woyamba wa a Nangondo, dimba lalikulu la m'mbali mwa Linthipe ndi lawo, ndipo nkhani za mbumba sizikambidwa iwo asanafike. Alongo awo amawatcha achemwali aakulu. Amagona chipinda chimodzi ndi amayi awo, amakangana za mchere. Mwambo womwe uja ndinawakwapula nawo unawapatsa zoposa zimene ndinawalanda.

"Unafuna kunipha, Edna, niziwa," anatero akunyamuka. "Koma Mulungu anasewenzesa nkhanza zako. Iyi mbatata ni ya m'munda mwanga. Udye, waonda."

Anandigwira tsaya. Anapita.

Inu owerenga, ena mwa inu mwayamba kulowa pa masamba amenewa kufunafuna agogo anu. Sindikuletsani. Amagwira ntchito. Uthenga umene munthu anapachika zaka zapitazo, wopanda yankho, ungakhale ukudikira inuyo. Koma kumbukirani kuti kuseri kwa uthenga uliwonse kuli munthu amene akufuna zake, osati zanu. Ine ndinapitako kukasaka mkondo. Ndinaupeza, ndinalasa, sindinaphonye. Mukandifunsa ngati ndikanachitanso, ndikanachitanso, pa manda pomwepo. Nyumba ndi yanga, ndipo palibe amene ndinamubera. Chimene sindinawerengere n'chakuti mdani wanga adzadzuka pa fumbi paja ali mwana wa munthu.

Thumba lija linakhala pakhonde masiku angapo. Ndinaganiza zoligulitsa. Ndinaganiza zolitaya ku Chunga. Loweruka ndinasenda pang'ono, ndinakazinga, ndinadya ndili chiimire m'khitchini mwa bambo.

Inali yokoma. Chimenecho sindidzawakhululukira.